Chisanu Chikamatha ku Gombe la Pembrokeshire

Mwezi wa Malichi ukamapita kumapeto, pamene ana m'midzi ya ku Malawi akuotcha mondokwa ndipo anamzeze ayamba kundandalika pa mawaya a magetsi, dziko la Wales limakhala likungotuluka kumene m'miyezi inayi ya chisanu ndi mdima. Kumeneko chaka sachigawa potsata mvula monga kuno, pakuti mvula imagwa mwezi uliwonse. Chimene chimagawa chaka ndi dzuwa. M'mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira ndi kulowa 4 koloko itangokwana kumene, kotero kuti usana sukwana maola 8. Pofika pa 21 Malichi usana ndi usiku zimalingana, ndipo m'masabata amenewo tsiku lililonse limatalikirapo ndi mphindi pafupifupi 4. Zomera, tizilombo ndi mbalame zimamva kusinthaku m'matupi mwawo. Nyengo imeneyi Angerezi amaitcha spring. M'Chichewa ikhoza kutchedwa nyengo ya mphukira, ngakhale kuti siifanana kwenikweni ndi nyengo ina iliyonse ya kuno.

Ena mwa malo abwino oonerako nyengoyi ndi gombe la Pembrokeshire, chigawo chimene chinalowerera m'nyanja ya mchere kumwera chakumadzulo kwa Wales. Gombeli linaikidwa m'gulu la malo otetezedwa m'chaka cha 1952, ndipo mu 1970 kunatsegulidwa njira ya oyenda pansi yotalika makilomita 299, kapena kuti mailosi 186, kuchokera ku St Dogmaels kumpoto mpaka ku Amroth kumwera. Mtunda umenewu ngwocheperako pang'ono poyerekeza ndi msewu wa ku Blantyre kukafika ku Lilongwe. Anthu a miyendo yolimba amaimaliza njirayi m'masabata awiri. Koma munthu wofuna kuona zamoyo alibe chifukwa chothamangira. Kwa iye kachigawo kozungulira ndomo ya Marloes, kosakwana makilomita 10, kamakwanira tsiku lathunthu, ndipo akhoza kubwerera madzulo asanamalize.

Choyamba kulandira mlendo pamenepo ndi mphepo. Imachokera kumadzulo itawoloka nyanja ya Atlantic popanda choitchinga, imanyamula mchere, ndipo ndiyo imalamula chimene chingamere ndi msinkhu umene chingafike. Mitengo yowerengeka imene ilipo inapendekera kummawa. Kunsi kwa phompho kuli mchenga wa Marloes Sands, umene umaoneka ndi kubisika kawiri pa tsiku, popeza nyanja ya kumeneko imadzaza ndi kuphwa, chinthu chimene nyanja ya Malawi siichita. Pa masiku a mwezi watsopano ndi mwezi wathunthu madzi amakwera ndi kutsika mamita oposa 6. Akaphwa kwambiri, pa kagombe koyandikana ndi mchengawo pamaonekera zitsulo za sitima ya Albion imene inasweka pamenepo mu 1837.

Mphepo ikaleza pang'ono dzuwa n'kuwala, pamamveka fungo longa la kokonati. Limachokera ku chitsamba cha minga chotchedwa gorse, chimene m'chinenero cha ku Wales amati eithin. Chitsambachi chikakula sichikhala ndi masamba enieni, pakuti masamba ake anasanduka minga imene mphepo siingaiumitse ndiponso ziweto sizingaidye mosavuta. Wophunzira amene anayang'anapo duwa la nandolo adzalizindikira msanga duwa lachikasu la gorse, chifukwa nzabanja limodzi, ndipo mizu ya zonse ziwiri ili ndi timatuza tosunga mabakiteriya okoka nayitrojeni, n'chifukwa chake chitsambachi chimakondwa pa nthaka yosauka. Duwalo limakhala lotseka ngati msampha. Njuchi ikaterapo ndi kulilemera, limatseguka mwadzidzidzi ndi kuipaka mungu kumimba. Kale alimi a ku Wales ankadula gorse ndi kumuphwanya pa mphero zapadera kuti akavalo adye m'chisanu, ndipo ophika buledi ankasonkhezera naye moto chifukwa amayaka mwaukali. M'malo obisika ku mphepo mumaoneka mtengo wina wa minga, blackthorn, umene umachita maluwa oyera mbee usanatulutse tsamba ndi limodzi lomwe.

Maluwa ena onse ngaafupi, ndipo wowafuna ayenera kuwerama. Pali celandine, duwa lachikasu lonyezimira ngati lopakidwa mafuta, limene limatseguka dzuwa likawala ndi kutseka mitambo ikabwera. Pali primrose m'munsi mwa mipanda ya miyala ndi dothi imene imagawa minda ya kumeneko. Pali kachomera ka masamba okhuthala ndi timaluwa toyera kotchedwa scurvygrass, ka banja la mpiru ndi kabichi, kamene amalinyero akale ankakafunafuna akafika kumtunda. M'masamba ake muli vitamini C, ndipo anthu amene athera miyezi panyanja akudya nyama yamchere ndi mabisiketi okha ankatupa nkhama ndi kuguluka mano chifukwa chosowa vitamini ameneyo. M'mphepete mwenimweni mwa phompho muli timitulo tobiriwira ta chomera chotchedwa thrift, timene kumapeto kwa Malichi timakhala tikungotumphuka. Maluwa ake ofiirira amadzadza phompho lonse mu Meyi. Chithunzi cha chomera chimenechi chinali pa ndalama ya mapeni atatu ya ku Britain kuyambira 1937 mpaka 1952. Ndalama ya mtengo umenewo kuno inkatchedwa tiki.

Maluwa ofulumira chonchi amatsegukira alendo ochepa, pakuti tizilombo tambiri timakhala tisanadzuke. Mlendo woyamba kawirikawiri amakhala chinjuchi chaubweya chotchedwa bumblebee, chimene m'maonekedwe chimafanana ndi bemberezi woboola mapaso a nyumba, ngakhale kuti mtundu wake supezeka kumwera kwa chipululu cha Sahara. Banja lonse la njuchi zimenezi limafa chisanu chikamayamba, kupatula zazikazi zatsopano zimene zimakagona pansi pa nthaka, iliyonse payokha. Imene ikuoneka mu Malichi ndi mfumukazi yopanda ndi wantchito mmodzi yemwe. Isanauluke m'mawa wozizira imanjenjemeretsa minofu ya m'chifuwa mpaka thupi litatentha kufika pa madigiri pafupifupi 30, ndipo ntchito imeneyi imadya chakudya chambiri, kotero kuti ikapanda kupeza maluwa msanga imafa ndi njala. Ikakhuta imauluka chapansipansi, uku ndi uku, kufunafuna una wakale wa mbewa woti iyambiremo banja. Ikafa mfumukazi imodzi mwezi umenewu, ndiye kuti lafa banja lonse limene likadakhalapo mu Julayi.

Ku Britain kuli mitundu ya njuchi yoposa 250, ndipo mwa yonseyi mtundu umodzi wokha ndiwo wa mumng'oma. Yochuluka imakhala payokhayokha, yopanda mfumukazi kapena antchito. M'mbali mwa njira, pamene mapazi a anthu ndi ziboda za ziweto zinapala udzu ndi kusiya dothi poyera, pamaoneka timabowo tonga toboola ndi pensulo, tina tozunguliridwa ndi kamulu ka dothi. Kabowo kalikonse ndi nyumba ya njuchi yaikazi imodzi. Imakumba ngalande yotsikira pansi, imapanga tizipinda m'mbali mwake, m'kachipinda kalikonse imaikamo kampira ka mungu wosakaniza ndi timadzi totsekemera ta m'maluwa, imaikira dzira pamwamba pake ndi kutseka. Mayiyo amafa asanaone ana ake, amene adzatuluka chaka chotsatira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu umagwira ntchito ngakhale ku Wales. Woyenda akaima kanthawi pafupi ndi timabowo timeneti akhoza kuona kachilombo kakuda bii, kotalika mpaka masentimita 3, kakukwakwaza chimimba chake modutsa njira. Timapiko take n'tatifupi ngati jekete yothina, ndipo sikauluka konse. Angerezi amakatcha oil beetle, ndiko kuti kachilombo ka mafuta, chifukwa kakagwidwa kamatulutsa timadzi tachikasu m'mfundo za miyendo yake, timene timatulutsa matuza pakhungu. Mlimi wa ku Malawi sangadabwe nazo, pakuti kachilomboka nkabanja limodzi ndi dzodzwe amene amadya maluwa a nyemba ndi khobwe, ndipo ululu wake ndi womwewo.

Chodabwitsa ndi kaleredwe ka ana ake. Kakakazi kamakumba kadzenje m'dothi lopanda udzu ndi kuikiramo mazira ofika 1,000 nthawi imodzi. Mazirawo akaswa mumatuluka timphutsi tating'ono ngati nsabwe, tokhala ndi zikhadabo zogwirira. Timakwera pa chomera chapafupi, n'kukhala m'kati mwa duwa, n'kumadikira. Kachilombo kalikonse kakatera pa duwalo, timphutsi timakakamira ubweya wake. Timene takwera ntchentche, gulugufe kapena njuchi ya mumng'oma tataika, pakuti kumene tikupita kulibe chakudya chake. Timene takwera njuchi yokumba pansi timatengedwa mpaka m'kachipinda kaja, m'mene kamphutsi kamatsika, kamadya dzira la mwini nyumba, kenaka n'kudya mungu wonse umene mayi uja anasungira mwana wake. Kamakhala momwemo chisanu chonse, ndipo kamatuluka chaka chinacho katasanduka kachilombo kakuda kaja. Mazira amachulukira chifukwa chakuti timphutsi tambiri timakwera molakwika.

Wina akhoza kunena kuti kachilombo kotere ndi mbala yosayenera kuimvera chisoni. Koma akatswiri a tizilombo amakondwa akakaona, chifukwa mbala imeneyi siingakhale pamene palibe oberedwa ambiri. Pamene pali oil beetle pali njuchi zokumba zochuluka. Pamene pali njuchizo pali maluwa akutchire ndi dothi losatembenuzidwa ndi khasu. Malo otere ndi amene anasowa. Pakati pa zaka za m'ma 1930 ndi 1984, madambo ndi mabusa a maluwa achilengedwe a m'zigwa za England ndi Wales anatha ndi magawo 97 pa 100 alionse, atalimidwa, kuthiridwa feteleza ndi kubzalidwa udzu wa mtundu umodzi. Pa mitundu 8 ya oil beetle imene inkapezeka ku Britain, itatu ikuganiziridwa kuti inatheratu. Yotsalayo imapezeka kwambiri m'kamzere kopapatiza ka pakati pa munda womaliza ndi phompho, kumene thalakitala limaopa kufika. Mitundu iwiri imene anthu ankayesa kuti inatha inapezekanso m'malo otere ku gombe la Devon, wina mwa iwo mu 2012 utasowa kwa zaka zoposa 100.

Woyenda adakawerama chomwecho amadzidzimutsidwa ndi kulira kwakuthwa kochokera m'mwamba. Ndi khwangwala, koma wosiyana ndi wa kuno wa chifuwa choyera: ngwakuda thupi lonse, mlomo wake ngwofiira ndi wopindika, miyendo yakenso njofiira. Angerezi amamutcha chough, pamene eni dziko amati brân goesgoch, kutanthauza khwangwala wa miyendo yofiira. Amaulukira mphepo ya paphompho ngati akusewera, kukwera atatambasula nthenga ngati zala, kenaka kupinda mapiko ndi kugwa ngati mwala. Kumapeto kwa Malichi amaoneka awiriawiri atanyamula timitengo ndi ubweya wa nkhosa kupita nazo m'mapanga a m'phompho. Ambiri mwa akhwangwala amenewa a m'dziko lonse la United Kingdom ali ku Wales.

Mlomo wopindikawo ngwofukulira nyerere, mphutsi ndi tizilombo ta m'ndowe, ndipo umagwira ntchito pokhapokha udzu ukakhala waufupi. Kwa zaka mazana ambiri udzu wa m'mphepete mwa phompho unkadyedwa ndi nkhosa, ng'ombe ndi akalulu okumba mauna. Alimi atayamba kumanga mipanda ya waya kuti ziweto zisagwere m'nyanja, ndiponso nthenda ya myxomatosis itapha pafupifupi akalulu onse a ku Britain kuyambira mu 1953, m'malo ambiri udzu unatalika ndipo zitsamba zinatseka nthaka. Ku Cornwall, kumene khwangwalayu ali pa chizindikiro cha chigawocho, anaswa komaliza mu 1947, ndipo womaliza anafa mu 1973. Anabwererako okha mu 2001 kuchokera ku Ireland, anthu atayambanso kudyetsa ziweto kumaphompho. Apa pali phunziro limene osamala zachilengedwe analimvetsa mochedwa: iwo ankayesa kuti kuteteza malo ndiko kuchotsapo munthu ndi ziweto zake, osadziwa kuti kudya kwa ziwetozo ndiko kunkasunga malowo. Masiku ano ng'ombe ndi akavalo ang'onoang'ono a m'mapiri a Wales amaikidwa dala m'mbali zambiri za gombe la Pembrokeshire. Udzu waufupi ndi dothi lopalidwa ndi ziboda zimene khwangwala amafuna ndi zomwezo zimene njuchi yokumba ndi oil beetle zimafuna.

Pamwamba pa chitsamba cha gorse pamatera kambalame ka mutu wakuda ndi chifuwa chofiirira, kolira ngati miyala iwiri ikugundana, kotchedwa stonechat. Kameneka kamakhala komweko chaka chonse, ndipo mbale wake wapafupi amapezeka pa Nyika ndi pa phiri la Zomba. Koma mbalame imene odziwa amaiyembekezera ndi mtima wonse ndi ina, yotuwa pamsana, ya mzere wakuda m'maso, imene imathamanga pa udzu waufupi, kuima njo pamwala, ndipo ikauluka imaonetsa choyera pamwamba pa mchira. Dzina lake ndi wheatear. Njimodzi mwa mbalame zoyamba kufika kuchokera ku Africa, kawirikawiri Malichi ali pakati. Imalemera magalamu pafupifupi 25, theka la dzira la nkhuku, koma imakhala itawoloka Sahara ndi nyanja ya Mediterranean. Abale ake oswera ku Alaska amachita zoposa pamenepo: kafukufuku wofalitsidwa mu 2012, wogwiritsa ntchito tizipangizo tomangirira pamsana pa mbalame, anaonetsa kuti amadutsa Asia yense kukafika kummawa kwa Africa, ulendo wa makilomita pafupifupi 14,500 kupita kokha. Ku Pembrokeshire wheatear amamanga chisa m'una wa kalulu kapena m'ming'alu ya mipanda ya miyala.

Namzeze amafika mochedwerapo, woyamba kumapeto kwa Malichi ndipo ambiri mu Epulo, akuuluka chapansipansi kuchokera kunyanja. Kwa nthawi yaitali anthu a ku Ulaya sankadziwa kumene mbalameyi imapita m'chisanu. Ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti imagona m'matope pansi pa maiwe, ndipo ngakhale Gilbert White, mbusa wa ku Selborne amene buku lake la zachilengedwe linatuluka mu 1789, sanathe kuchitaya kotheratu chikhulupiriro chakuti anamzeze ena amabisala ndi kugona. Nkhaniyi inathetsedwa ndi kamphete ka chitsulo. Mu Meyi 1911 loya wina dzina lake Masefield anaveka mphete namzeze wa pa nyumba yake ku Staffordshire, ndipo mu Disembala 1912 mbalame yomweyo inagwidwa pa famu ina pafupi ndi Utrecht, ku Natal. Anamzeze a ku Britain amakathera chisanu makamaka ku South Africa, mtunda wa mailosi pafupifupi 6,000. Mtundu womwewo ndi umene umadzaza mlengalenga ku Malawi kuyambira Okutobala mpaka Epulo.

Tsono vuto la mbalame yochokera kutali nali. Namzeze kapena wheatear ali ku Africa sangadziwe kuti ku Wales kwafunda msanga chaka chino. Nthawi yonyamukira amaidziwa makamaka ndi kalendala ya m'thupi mwake ndi kutalika kwa usana, zimene sizisintha chaka ndi chaka. Koma maluwa ndi tizilombo ta ku Wales timatsata kutentha kwa komweko, ndipo kutenthako kwasintha. Mu 2022 akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge anafalitsa zimene anapeza atasanthula zolembedwa zoposa 400,000 za mitundu 406 ya zomera, kuyambira 1753 mpaka 2019: kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 zomera za ku Britain zikuchita maluwa pafupifupi mwezi wathunthu msanga kuposa kale. Zotsatira za kuphonyana kotere zinaoneka ku Netherlands, kumene kambalame kotchedwa pied flycatcher, kochokera kumadzulo kwa Africa, kanachepa ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 m'zaka 20 m'nkhalango zimene mbozi zodyetsera ana ake zinayamba kuchuluka anawo asanaswe.

Zolembedwa 400,000 zija sizinalembedwe ndi akatswiri okha. Zambiri zinachokera kwa alimi, abusa a mipingo, aphunzitsi ndi anthu wamba amene chaka ndi chaka ankalemba tsiku limene aona duwa loyamba kapena namzeze woyamba. Mmodzi wa oyambirira anali Robert Marsham wa ku Norfolk, amene anayamba mu 1736, ndipo zidzukulu zake zinapitiriza mpaka 1958. Iye sankadziwa kuti manambala ake adzathandiza kuyeza kutentha kwa dziko. Ntchito yotere siifuna digiri kapena chipangizo chodula. Imafuna kope, pensulo ndi kukhulupirika polemba deti, ndipo mtengo wake umakula ndi zaka. Sukulu imene ingalembe kwa zaka 20 tsiku lofika anamzeze, tsiku lotuluka ngumbi ndi tsiku lochita maluwa mtengo wa mango wa pabwalo ingakhale ndi chuma chimene palibe angachigule pambuyo pake.

Njira ija imathera pa ndomo yotchedwa Deer Park, imene inatchingidwa ndi khoma la miyala kuti aziwetamo agwape, koma agwapewo sanaikidwemo. Kumapeto kwake, pa Wooltack Point, woyenda amaona zilumba zitatu. Patsidya pa mkuli wa madzi othamanga wotchedwa Jack Sound pali Skomer. Kumwera kuli Skokholm. Ndipo kutali kumadzulo, kukakhala kopanda nkhungu, kumaoneka Grassholm, kachilumba kooneka ngati kathiridwa ufa mbali imodzi. Maina onsewa anasiyidwa ndi amalinyero a Chiviking. Kumapeto kwa Malichi ndi kuchiyambi kwa Epulo mbalame za m'nyanja zimene zathera chisanu chonse pamadzi zimayamba kubwerera kumtunda kudzaswa. Zodziwika kwambiri ndi puffin, za milomo yamawangamawanga, zimene zimayamba zasonkhana pamadzi masiku angapo zisanalimbe mtima kutera. Mu 2023 pa Skomer anaziwerenga 42,513. Maboti opita kuchilumbako amanyamukira pa kadoko ka Martin's Haven kuyambira mu Epulo, ndipo chiwerengero cha alendo a tsiku limodzi chimachepetsedwa dala, chifukwa nthaka yonse ya pachilumbapo njoboolaboola ndi mauna a mbalame.

Choyera chija cha pa Grassholm ndi mbalame zikuluzikulu zotchedwa gannet pamodzi ndi zitosi zake. Mpaka posachedwa kachilumbaka kanali amodzi mwa malo aakulu kwambiri oswerako mbalamezi pa dziko lonse. Mu 2022 kunafika chimfine cha mbalame. Zisa zimene zinali zoposa 34,000 chaka chimenecho zinatsika kufika pa 16,000 ndi mazana angapo mu 2023, ndipo popeza gannet amaikira dzira limodzi pachaka ndi kuyamba kuswa ali ndi zaka pafupifupi 5, kubwerera kwake nkwapang'onopang'ono.

Tsoka lina linagwa kale pang'ono, ndipo likusonyeza bwino kulemera kwa masabata ochepa m'nyengo imeneyi. Pa 15 Febuluwale 1996 sitima ya mafuta ya Sea Empress inagunda miyala pafupi ndi St Ann's Head, polowera ku doko la Milford Haven, makilomita owerengeka kumwera chakummawa kwa Marloes. Matani pafupifupi 72,000 a mafuta anatayikira m'nyanja ndi kuipitsa gombe la makilomita ngati 200. Mbalame pafupifupi 7,000 zinatoledwa zitapakika mafuta, zambiri mwa izo abakha akuda a m'nyanja otchedwa scoter amene amathera chisanu m'madzi amenewo. Koma puffin ndi mbalame zina zochuluka za pa Skomer ndi Skokholm zinali zisanabwere. Ngozi yomweyo ikadachitika mu Epulo, ikadazipeza zitasonkhana pamadzi pakhomo penipeni pa zilumbazo.

Mbalame yochuluka koposa zonse pa Skomer woyenda masana saiona. Imatchedwa Manx shearwater: njakuda pamsana, yoyera kumimba, yamapiko aatali owongoka. Pa Skomer pokha pali mabanja pafupifupi 350,000, ndipo kuphatikiza ndi a pa Skokholm amakwana pafupifupi theka la mbalame zonse za mtunduwu pa dziko lapansi. Chisanu cha ku Wales imakathera ku nyanja ya kufupi ndi Argentina ndi Brazil. Miyendo yake ili kumbuyo kwenikweni kwa thupi, yoyenera kusambira, kotero kuti pamtunda imangokwawa, ndipo mbalame zolusa za m'nyanja zimaigwira mosavuta. Pa chifukwa chimenechi imatera usiku wokha, makamaka usiku wopanda mwezi.

Zambiri za moyo wake zinadziwika chifukwa cha Ronald Lockley, amene anakakhala pa Skokholm mu 1927 ndi kukhazikitsapo mu 1933 malo oyamba a ku Britain oonerako ndi kuveka mphete mbalame. Ndi yemweyonso amene pambuyo pake anayendera gombe lonse ndi kulemba m'mene njira ya oyenda pansi ija ingadutse. Mu Juni 1952 shearwater mmodzi wa pa Skokholm anatengedwa pa ndege mpaka ku Boston, ku America, ndi kumasulidwa kumeneko. Patapita masiku 12 ndi theka anapezeka m'una wake, atawoloka makilomita oposa 5,000 a nyanja, ndipo anafika kalata yonena za kumasulidwa kwake isanafike. Wina amene anavekedwa mphete pa chilumba cha Bardsey, kumpoto kwa Wales, mu 1957 anagwidwanso ali moyo mu 2008.

Dzuwa likamalowa kuseri kwa Skomer, celandine amakhala atatseka kale, njuchi zalowa m'timabowo take, ndipo akhwangwala a miyendo yofiira apita kumapanga. Woyenda amabwerera ku Marloes kudzera m'kamsewu ka pakati pa minda. Amene apeza mwayi wogona pachilumba amadikira mdima weniweni. Ukagwa, mlengalenga mumadzaza kulira kwachilendo, kosasa ndi kobanika, kochokera m'mwamba ndiponso pansi pa nthaka. Ndi mashearwater akuitanizana. Yaimuna ndi yaikazi zimene zinasiyana chaka chatha zimabwerera ku una womwewo, ndipo zimazindikirana ndi mawu. Masabata otsatirawo zidzakhala zikuyeretsa unawo ndi kupita kunyanja kukadya, ndipo dzira limodzi lokha lidzaikiridwa mu Meyi.